Matepi a bandi ya malemu atsibweni anga, nditani nawo?

Abale, ndikulemba ndili ku Ulongue. Atsibweni anga anatisiya chaka chatha, ndiye m'sutikesi mwawo tapezamo makaseti ndi matepi awiri akuluakulu aja okulunga pa mawilo. Ndi nyimbo za bandi yawo, ankaimba ali anyamata ku Moatize m'zaka za m'ma 1970. Sizinatulukepo pa chimbale ngakhale pa wailesi. Nkhondo itavuta anathawa nawo ku Ntcheu, n'kubwera nawo mtendere wa 1992 utabwera.

Kaseti imodzi ndamvera. Gitala ikulira mokalipa, pansi pake mbalule ikugunda, nyimbo imodzi yokha yadya mbali yonse popanda mawu, kumapeto wina akungokuwa. Amayi akuti anthu ankati anyamatawo apenga. Ine sindinamvepo zokoma chonchi.

Koma makaseti ena achita chuku, ndipo tepi imodzi yaikulu ikununkha viniga. Ana awo akufuna agulitse zonse. Amene ankaimba ng'oma ali moyo, akukanitsitsa, akuti nyimbozo sanazimalize. Ndiyambire pati?

Wa ku Zobue: Pepani ndi maliro achimwene. Choyamba, musawalizenso makasetiwo. Chuku chimadetsa mutu wa makina, ndipo tepi ikhoza kukandika. Fungo la vinigalo ndiye kuti pulasitiki yake, ya acetate, yayamba kuwola. Ipatuleni, imawononga inzake. Mudzamva ena akuti muiwotche mu uvuni: njira imeneyo ndi ya matepi omata a mtundu wina, iyi ingafe nayo. Sungani pouma, pozizira, kutali ndi masipika. Pokopera mu kompyuta muuze munthuyo kuti mukufuna fayilo ya mtundu wa WAV, yosunga mawu onse, osati MP3. Kafunseni ku Rádio Moçambique ku Tete ngati makina a mawilo akadalipo.

Mayi wa ku Matundo: Kusunga tepi si kukhala mwini nyimbo. Madala a ng'omawo ali ndi mbali yawo. Funsani ku SOMAS, bungwe loteteza umwini wa olemba ndi opeka nyimbo kuno ku Mozambique, musanasaine chilichonse. Ku Zambia nyimbo za mabandi a WITCH ndi Amanaz zinaiwalika, kampani ya Now-Again ya ku America inazitulutsanso, mpaka Jagari Chanda, woimba wa WITCH, anabwerera pa siteji atakalamba. Ndiye musataye tepi yeniyeniyo chifukwa cha timetikali tochepa.

Wa ku Tsangano: Ine yanga ndi mbaluleyo. Ngati muli nyimbo za kudambwe, si zongoponya pa Facebook. Mwina n'zimene madalawo akukanira, kungoti sangakuuzeni poyera. Pitani ndi wamkulu wa kubanja, mukakhale nawo pansi.

Mwini funso: Zikomo nonse. Zogulitsazo ndiyamba ndaziimitsa. Za kudambwezo ndazimva, Loweruka ndipita kwa madalawo pamodzi ndi agogo aamuna, ndikawapempha chilolezo chongokopera kuti zisawole, kutulutsa tidzakambirane m'tsogolo. A ku Zobue, nanga makaseti a chukuwo ndipukute ndi chiyani, kapena ndisawakhudze n'komwe?