Thandizeni: pulogalamu ya spectrum analyser ikutseguka pa Wine koma siikuona makina

Wa zokuzira mawu, Kabwata: Abale pagulu pano, ndathedwa nzeru. Ndimayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwathu ndipo Loweruka kuli ukwati. Mamaiki opanda waya akumadula mawu, ena akuti ndi mabatire, ena akuti vuto ndi ineyo, komiti nayo ikuti ndalama palibe chonsecho mipando yagula yatsopano. Ndabwereka spectrum analyser kam'manja kaja, koyezera mafunde a wailesi, kuti ndione ma frequency pomwe pali phokoso, koma kasikirini kake maso anga sakukakwanitsa. Ndimafuna ndizionera pa laputopu, nditenge zithunzi ndikaonetse komiti. Laputopuyo mphwanga anaikamo Linux osandifunsa. Pulogalamu ya Windows ya makinawo ndaitsegula ndi Wine, yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, yatseguka bwinobwino, koma COM (port yolumikizira makina) iliyonse yomwe ndasankha ikukana. Driver ndinaikanso. Malaiti nawo kuno akubwera usiku wokhawokha. Nditani?

Mudala wa ku Chilenje: Bambo, mwatiuza za mipando, za komiti, za mphwanu, koma dzina la makinawo ayi. Ndi tinySA kapena RF Explorer? Nanga Linux yake iti? Ziwirizi sizilowa mofanana. tinySA imaoneka ngati /dev/ttyACM0. RF Explorer ili ndi chipu cha CP210x cha Silicon Labs, imabwera ngati /dev/ttyUSB0 ndipo imalankhula pa 500000 baud. Driver mwaikayo mwangotaya nthawi. Wine siyendetsa ma driver a USB a Windows. Imene imagwira chingwe ndi Linux, Wine imangolandira zomwe Linux yaona kale.

Wa mafoni, Town Centre: Chingwe, bwana, chingwe! Zingwe zambiri zotchipa zili ndi mawaya awiri otchajira basi, a data mulibe. Makina amayaka, batire ikulowa, kompyuta osamva kanthu.

Mayi wa ma network, Kalingalinga: Achimwene, Wine itsekeni kaye. Yatsani makinawo, lumikizani, kenako lembani lsusb mu terminal. Ngati ndi tinySA muona 0483:5740, STMicroelectronics Virtual COM Port. Mukaona 0483:df11 ndiye kuti ili mu DFU, yoikira firmware, izimitseni muiyatsenso. Kukapanda kuoneka chilichonse chatsopano, a mafoniwo akunena zoona. Zikaoneka, lembani sudo dmesg | tail muone dzina lomwe yapatsidwa, kenako ls -l /dev/ttyACM0. Pa Ubuntu, Mint ndi Debian mupeza kuti mwini wake ndi root, gulu ndi dialout, ndipo amene sali m'gululo saloledwa kuwerenga kapena kulemba. Lembani sudo usermod -aG dialout $USER, osaiwala a uja wa mu -aG, mukamusiya muchotsedwa m'magulu ena onse kuphatikizapo la sudo. Ndiye tulukani mu akaunti mulowenso, kutseka terminal kokha sikukwanira. Pa Arch gulu lake ndi uucp.

Wa VirtualBox, Woodlands: Kudzivutitsa kumeneko. Ikani Windows mu VirtualBox, yoyendetsa Windows yonse mkati mwa Linux, USB muipereke yonse kwa Windows, nkhani yatha.

Mudala wa ku Chilenje: Yatha bwanji? Windows 11 imafuna RAM 4 GB ndi malo 64 GB payokha, Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuisamalira mu October 2025. Zonsezo chifukwa cha pulogalamu imodzi yowerenga serial? Ndipo VirtualBox simuona USB musanalowe m'gulu la vboxusers. Mwathawa gulu lina, mwakumana ndi lina.

Wa VirtualBox, Woodlands: Koma imagwira, mudala. Tsiku loti aike firmware, Wine yanuyo iwathandiza chiyani?

Mudala wa ku Chilenje: Firmware amaika ndi dfu-util pa Linux pomwepo, Wine silowapo. Ndani wafunsa za firmware?

Mnyamata wa ku Garden: sudo wine basi, chilichonse chimatseguka kkkk. Kapena mkwati angokuwa.

Mudala wa ku Chilenje: Iwe mwana, usasocheretse akulu. Wine ndi sudo ayi. Pulogalamu ya Windows imapatsidwa mphamvu pa kompyuta yonse, komanso mafayilo a mu .wine akhoza kusanduka a root, mawa Wine n'kukana kutseguka.

Wa zokuzira mawu, Kabwata: Zikomo nonse. Ndi tinySA, yakuda. Amayi, zomwe munanena ndachita, ttyACM0 yaoneka, dialout ndalowa. Koma pulogalamu ikadakanabe COM1, COM2, COM3, yonse. A tcheyamani ayimbanso foni kufunsa ngati ndikudziwa ntchito.

Mudala wa ku Chilenje: Onse ndi akuda, bambo. Komabe tafika pamene pali nkhani. Kuyambira Wine 2.8, ya mu 2017, Wine imagawa yokha manambala a COM ikamayamba. Imayambira pa /dev/ttyS, ndipo Linux zambiri zimapanga ttyS0 mpaka ttyS31 ngakhale laputopu ilibe serial port ndi imodzi yomwe. COM1 mpaka COM32 amathera pamenepo, makina anu n'kugwera pa COM33. Lembani ls -l ~/.wine/dosdevices muone nokha. Ngati com33 ikuloza ttyACM0 ndipo pulogalamu ikuionetsa, sankhani imeneyo basi. Ikapanda kuionetsa, lembani wine regedit, pitani pa HKEY_LOCAL_MACHINE\Software\Wine\Ports, pangani String Value dzina COM3, mkati mwake /dev/ttyACM0. Tsekani, lembani wineserver -k, tsegulaninso pulogalamu makina ali olumikizidwa kale. Malangizo akale oti mupange ln -s pamanja musawatsate, Wine imafufuta n'kulembapo zake.

Mayi wa ma network, Kalingalinga: Mu registry ndi bwino kulemba njira ya mu /dev/serial/by-id/ m'malo mwa ttyACM0. Chingwe chikagwedezeka pulogalamu ikadali yotsegula, makina amabweranso ngati ttyACM1, COM3 n'kumaloza pachabe. Dzina la by-id silisintha. Ndipo kuti mudziwe ngati vuto ndi Wine kapena ayi, lembani screen /dev/ttyACM0 115200, dinani Enter. Mukaona ch> lembani version. Ikayankha, mbali ya Linux ili bwino. Tulukani mu screen musanatsegule pulogalamu, zonse ziwiri zikagwira port imodzi zimalandana mayankho.

Wa mafoni, Town Centre: Mwamva? Chingwe chikagwedezeka. Ndinanena ine.

Wa Arduino, Matero: Chotsani brltty ndi ModemManager, zonse ziwiri. Ndi zomwe zimalanda ma port.

Mudala wa ku Chilenje: brltty imalanda ma port a machipu a CH340 ndi CP210x pa Ubuntu 22.04, apa sizikutikhudza, komanso ndi yothandiza anthu osaona, sichochotsa mwachisawawa. ModemManager inde, imatumiza malamulo a modemu (AT) ku ttyACM yatsopano poyesa kuti ndi modemu, kwa masekondi angapo port imakhala yotanganidwa. Koma kuchotsa ayi. Munthu akakhala pa dongle ya USB ndiye mwamudulira intaneti. Ingoimitsani ndi sudo systemctl stop ModemManager poyesa, mukatha muiyatse.

Wa mawailesi, Chawama: Nonse muli pa kompyuta, makinawo ndi obwereka. Ngati ili ndi malo awiri olembedwa LOW ndi HIGH, LOW imathera pa 350 MHz, HIGH ndi 240 mpaka 960 MHz. Mamaiki a UHF ambiri ali pakati pa 470 ndi 694, ndiye antena ipite pa HIGH ndipo pa MODE musankhe HIGH in. Musalumikize waya kuchoka pa transmitter ya maiki kulowa m'makina. Malire ake ndi +10 dBm, omwe ndi 10 mW, ndipo mamaiki ambiri amatulutsa pamenepo kapena kupitirira. Poyeza zimitsani mamaiki onse, siyani antena pamalo pomwe pamakhala risiva. Tchanelo cha TV ya digito chimaoneka ngati tebulo, chafulati pamwamba, mulifupi 8 MHz. Maiki ikagwera pa tebulopo imadula ngakhale batire ndi yatsopano. Isunthireni pampata, koma pa ma frequency omwe ZICTA, bungwe loyang'anira ma frequency ku Zambia, imalola.

Wa zokuzira mawu, Kabwata: LOW ndi HIGH sindikuziona, palembedwa RF ndi CAL. Batire ya laputopu ikutha, registry ndiyesa malaiti akabwera.

Mudala wa ku Chilenje: Ndiye ndi tinySA Ultra imeneyo, ya sikirini ya mainchesi 4! Mukadanena m'mawa. Antena pa RF, imafika 800 MHz osasintha kalikonse. Ndipo ili ndi polowetsa microSD, chithunzi cha sikirini imasunga yokha pa khadi. Zokaonetsa komiti tengani pamenepo, Wine mulimbana nayo ukwati ukatha.

Wa VirtualBox, Woodlands: Khadilo likhale la FAT32.