Ndithandizeni kusankha firiji yosadya mayunitsi ambiri

Moni akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndimakhala ku Chilenje muno mu Lusaka ndi banja la anthu asanu, ndipo firiji yathu, imene tinaigula kwa munthu zaka 8 zapitazo, yayamba kulira usana ndi usiku osapumira. Mayunitsi amene ndimalowetsa m'mita ya ZESCO sakufikanso kumapeto kwa mwezi, chonsecho mababu onse tinaika a LED a mawati 9, ndipo nsima timaphikira pa gasi.

Loweruka ndinazungulira m'masitolo a ku Kamwala ndi ku Manda Hill. Mafiriji ena a Defy ndi Hisense ali ndi kapepala ka mizere yamitundumitundu pachitseko, kosonyeza chilembo monga A kapena A+, komanso nambala ya kWh pa chaka. Popeza yuniti imodzi ndi kWh imodzi, ndawerengera kuti firiji yolembedwa 365 imadya yuniti imodzi pa tsiku. Chimene chandisokoneza n'chakuti firiji ina yaikulu ya A+ inali ndi nambala yokwera kuposa ina yaing'ono ya A. Ineyo ndikuona kuti chilembo chimangoyerekeza mafiriji a msinkhu wofanana, ndipo chimene chidzaoneka pa mita ndi nambalayo, koma wogulitsa nditamufunsa anangoti zonse ndi zabwino. Kodi ndaganiza molondola? Nanga nambalayo imakhalabe yomweyo m'mwezi wa Okutobala, pamene kunja kwatentha ndipo ana akungotsegula chitseko kufuna madzi ozizira?

Nkhani ina ndi ya mafiriji olembedwa kuti inverter. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola ambiri ndipo ndiwo zathu zinkawonongeka, choncho tinagula batire ndi sola yaing'ono. Ndamva kuti injini ya firiji yotereyi imayamba pang'onopang'ono m'malo mokoka mphamvu yambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake batire imaikwanitsa. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo nkhawa yanga ili pa kabodi kake ka mkati koyendetsa injini, kamene kangapse magetsi akabwerera mwamphamvu. Kodi fridge guard, kachipangizo kaja koika pa soketi koteteza firiji magetsi akabwera mwamphamvu, imateteza mokwanira, ndipo amisiri odziwa kukonza firiji ya inverter alipo muno mu Lusaka?

Amene munasintha firiji n'kuwerenga mita musanagule komanso mutagula, chonde ndiuzeni malita a firiji yanu ndi mayunitsi amene munapulumutsa pa mwezi. Zikomo kwambiri.