Bedi lachitsulo la madirowa kumbuyo kwa Hilux: ndiyambire pati?

Wa Hilux Yoyera

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi Toyota Hilux ya double cab yokhala ndi kanope kumbuyo. Ndikufuna kuikamo bedi lachitsulo loti anthu awiri azigonapo pa maulendo a kunyanja ndi ku Nyika, pansi pake pakhale madirowa awiri a mapoto, zakudya ndi zida za galimoto. Ndithandizeni pa zinthu izi: ndigule chitsulo chanji ndipo chochuluka bwanji? Bedilo likwere bwanji kuchokera pansi? Madirowa aziyenda pa chiyani kuti asamalimbe fumbi likalowa? Komanso ndingalimangirire bwanji ku bodi popanda kuwononga galimoto? Ena akundiuza kuti ndigule machubu a 40 mm kuti likhale lolimba mpaka kalekale.

Mmisiri wa Zitsulo

Achimwene, musanapite kogula zitsulo tengani tepi mulowe m'bodimo, chifukwa pali miyezo iwiri imene ingasinthe pulani yonse.

Woyamba ndi kutalika. Bodi ya double cab ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka basi. Munthu wamkulu sangatambasule miyendo pamenepo chitseko chakumbuyo chili chotseka. Mmodzi akhoza kugona chopingasa, kona ndi kona, koma awiri ayi. Ndiye pulani yanu ikhale ndi chidutswa chowonjezera chotera pa chitsekocho chikatsegulidwa. Chitsekocho chimakupatsani pafupifupi theka la mita, zonse pamodzi n'kufika mamita awiri.

Wachiwiri ndi kuchokera pansi pa bodi kufika kudenga la kanope. Kanope yofanana msinkhu ndi kabu nthawi zambiri imapereka pakati pa 900 mm ndi mita imodzi. Chotsanipo felemu la 280 mm, thabwa la 12 mm ndi matiresi a 75 mm, mutsala ndi malo osafika 650 mm. Mungathe kugona ndi kutembenuka, koma kukhala tsonga n'kosatheka. Sentimita iliyonse imene mwapatsa madirowa mwailanda kumutu kwanu, choncho felemu lingodutsa pang'ono pamwamba pa mahampu, malo otukuka aja a m'bodi ophimba matayala akumbuyo, lisapitirire apo.

Za machubu a 40 mm zisiyeni, amenewo ndi a geti. Gulani machubu a sikweya a 25 x 25 mm, okhuthala 1.6 mm. Mita imodzi imalemera kilogalamu imodzi ndi kachidutswa, ndipo chubu chathunthu cha mamita 6 ndi pafupifupi makilogalamu 7. Kulimba kwa bedi kumachokera ku kuyandikana kwa miyendo ndi mipiringidzo, osati ku kunenepa kwa chitsulo.

Tiyerekeze kuti pakati pa mahampu mwapeza 1100 mm. Felemu likhale 1080 mm m'lifupi, 1450 mm m'litali, kuti lizilowa ndi kutuluka osapala penti. Mupange makoma atatu ooneka ngati makwerero ogoneka, lakumanzere, lapakati ndi lakumanja. Khoma lililonse: machubu awiri a 1450 mm, chapamwamba ndi chapansi, ndi miyendo inayi ya 230 mm. Makomawo muwalumikize ndi mipiringidzo isanu pamwamba ndi itatu pansi. M'mbali, pamwamba pa mahampu, mutulutse timikono toti mapiko a thabwa azitsamirapo. Zonsezi zimadya mamita pafupifupi 24, ndiye kuti machubu anayi. Gulani asanu, chifukwa podula pamatayika zidutswa ndipo chowonjezera cha pachitseko chija chifunanso chake. Felemu lotere silifika makilogalamu 30, anthu awiri amalinyamula bwinobwino.

Powotcherera ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chitsulo cha 1.6 mm chimabooka msanga. Uzani mmisiri wanu agwiritse ntchito ma rod a 6013 a 2.5 mm, moto ukhale wotsika, cha m'ma 60 mpaka 75 amps, ndipo azidontheza pang'onopang'ono m'malo mokoka mzere wautali. Ayambe wangogwiriza makona onse ndi timadontho, kenako ayeze kona ndi kona mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikasiyana kuposa 2 mm, akonze asanamalize. Pomaliza azisinthasintha mbali, kuno pang'ono uko pang'ono. Akamaliza mbali imodzi yonse kaye, chitsulo chimakoka pozizira, felemu n'kupindika ngati ngalawa, ndipo dirowa silingayende m'malo opindika ngakhale mutathira girisi wochuluka bwanji.

Ntchito yonseyi ichitikire pansi pa simenti yosalala, kunja kwa galimoto. Kuwotcherera m'bodi kumapsereza penti ndi kanope, ndipo moto wa makinawo ukhoza kuwononga kompyuta ya galimoto.

Kalipentala wa ku Zomba

Ndikugwirizana ndi a Mmisiri pa felemu. Ine ndinene za madirowa ndi matabwa.

Pa miyezo yawoyo, mpata wa dirowa lililonse ndi 502 mm: chotsani machubu atatu a 25 mm pa 1080, zotsalazo gawani pawiri. Masilayidi (tinjanji toyendapo dirowa) a m'khitchini aja, okhuthala 12.7 mm, musawayese. Amapangidwira makilogalamu 35 mpaka 45 m'nyumba yosagwedezeka. Pa msewu wa mabampu timipira tachitsulo ta m'katimo timathawa, dirowa n'kukhala pansi. Oyenera ndi masilayidi akuluakulu olembedwa 227 kg, aatali 1200 mm, okhala ndi loko yake. Amenewa ndi okhuthala pafupifupi 19 mm mbali iliyonse, choncho dirowa likhale 464 mm m'lifupi, kapena 458 mm ngati chitsulo cha 3 mm chomangirapo masilayidi chidya mpata mbali zonse ziwiri. Komabe gulani masilayidi kaye, muyeze amene muli nawo m'manja, kenako mudule thabwa. Dirowa likachepa ndi milimita imodzi mumaika mawasha, koma likakula ndiye kuti mwayambiranso.

Nambala ya 227 ija isakunamizeni. Dirowa likatuluka lonse kulemera konse kumapachikika kunja, ndipo kugwedezeka kwa msewu kumatopetsa chitsulo. Makilogalamu 60 mpaka 70 pa dirowa ndi okwanira. Zolemera monga jeke ndi zipanera zikhale chakutsogolo, kufupi ndi kabu.

Masilayidi amangidwe pa chitsulo chafulati cha 3 mm chowotcherera ku miyendo ya khoma, ndi mabawuti a M6 a mutu wobisika. Mutu ukatukuka umakola silayidi. Awiriwo akhale pa levulo imodzi ndipo atalikirane mofanana kutsogolo ndi kumbuyo.

Chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri: tsegulani chitseko chakumbuyo, goneketsani thabwa lowongoka kuchokera pansi pa bodi kudutsa pa chitsekocho. Pa magalimoto ambiri chitseko chotsegula chimakwera pang'ono kuposa pansi, makamaka ngati munamata labala kapena pulasitiki. Pansi pa dirowa papitirire pamenepo ndi 15 mpaka 20 mm, apo ayi dirowa lizituluka theka n'kugunda. Onaninso m'mbali, chifukwa khomo la bodi limapanikiza kuposa m'kati.

Thabwa likhale pulayiwudi yosamva madzi, ya marine kapena ya shutter. Bulokubodi ndi chipboard zimafufuma zikanyowa, ndipo masikuluwu amazuka. Ndi mipiringidzo yotalikirana 350 mm, pulayiwudi ya 12 mm ikwanira pamwamba. Ya 18 mm pepala lathunthu la 2440 x 1220 limaposa makilogalamu 30, mukungonyamula katundu wachabe. Madirowa nawo 12 mm, omata ndi guluu komanso masikuluwu. Guluu yekha kapena misomali yokha sizipirira msewu. Mapepala atatu akukwanirani. Mapiko a m'mbali aja muwaike mahinjesi kuti azitseguka, pansi pake ndi malo abwino a chingwe chokokera, pampu ndi nsapato.

Pamwamba boolani mabowo a 30 mm motalikirana 150 mm pamene pagone matiresi. Thupi limatulutsa chinyontho usiku, chimatsikira pa thabwa lozizira, ndipo matiresi osapuma pansi amachita chuku pakangopita masabata ochepa. M'mphepete monse mwa thabwa pakani vanishi kawiri, chifukwa madzi amalowera m'menemo.

Makaniko wa Mapikapu

Bambo Kalipentala, masilayidi a 227 kg ndi abwino, koma ndi odula, sapezeka paliponse, ndipo fumbi la msewu wa Rumphi kupita ku Chelinda likasakanikirana ndi girisi wa m'katimo limakhala ngati sandipepa. Pali njira ina imene mmisiri aliyense angakwanitse: mabering'i a 6200-2RS. Bowo lake ndi 10 mm, kunja 30 mm, ndipo ndi otseka ndi labala mbali zonse, fumbi sililowa. Mumawamanga ndi mabawuti a M10 ku khoma la felemu, asanu pansi mbali iliyonse. M'mbali mwa dirowa mumanga chubu cha 25 mm choti chiziyenda pamwamba pa mabering'iwo. Chakukhomo muikenso awiri pamwamba pa chubucho, osiya mpata wa milimita imodzi, kuti dirowa likatuluka lisagwe chamutu. Apa mpata wa m'mbali ndi pafupifupi 30 mm mbali iliyonse, ndiye dirowa lichepa kufika cha m'ma 440 mm. Kuipa kwake n'kwakuti limatuluka magawo awiri mwa atatu okha, ndipo mufunika kuika choimitsa kumapeto ndi loko yapadera kutsogolo. Kukoma kwake n'kwakuti bering'i ikafa mumaigula m'shopu ya zida za galimoto kapena za njinga zamoto, sipanala imodzi ntchito yatha.

Koma nkhani imene ndikufuna muimvetse, achimwene, ndi yomangirira. Felemu, matabwa, madirowa ndi katundu zikaphatikizana mukunena makilogalamu 200 kapena kuposa, ndipo zili kumbuyo kwenikweni kwa anthu okhala pampando wakumbuyo. Mukagunda chinthu kapena galimoto ikagubuduzika, zingwe ndi masikuluwu odzibowolera okha sizigwira kanthu. Pamafunika mabawuti a M10 a giredi 8.8, osachepera anayi, bwino asanu ndi limodzi, odutsa pansi pa bodi. Kunsi kwake muike kachitsulo kafulati ka 60 x 60 x 3 mm, chifukwa lata la bodi ndi lopyapyala ndipo washa wamba amang'amba n'kutulukira. Manati akhale a nayiloni m'kati, aja osamasuka ndi kugwedezeka. Bawuti isadutse m'kati mwa chubu chopanda kanthu, mukamanga chimaphwanyika n'kuyamba kugwedera. Wotchererani timakutu ta angle iron ya 40 x 40 x 3 mm ku felemu, bawuti idutse pamenepo.

Musanaboole, gonani pansi pa galimoto ndi tochi. Thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki, mawaya a magetsi akumbuyo ndi tayala lapadera zonse zili pansi pomwepo. Pa chiboolero vekani kapaipi koti chisalowe kupitirira 10 mm. Bowo lililonse lipakidwe penti musanaike bawuti. Pakati pa felemu ndi bodi ikani labala wa 3 mpaka 5 mm, ngakhale wodula ku chubu chakale cha tayala la lole, kuti chitsulo chisadye penti n'kuyambitsa dzimbiri. Mukayenda makilomita 200 oyamba, bwererani ndi sipanala pa bawuti iliyonse.

Werenganinso kachitsulo kolembedwa kulemera kwa galimoto yanu. Katundu wololedwa amaphatikiza anthu, kanope, madzi, mafuta a m'zigubu ndi bedilo. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20, chikhale kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, osati pachitseko.

Wa Hilux Yoyera

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Ndayeza: kutalika 1520, pakati pa mahampu 1100, kudenga 940. Ndatsala ndi mafunso awiri. Aluminiyamu singakhale bwino poti ndi yopepuka? Nanga chowonjezera cha pachitseko chija chimapangidwa bwanji?

Mmisiri wa Zitsulo

Aluminiyamu imalemera gawo limodzi mwa atatu a chitsulo, koma imapindikanso mosavuta katatu, ndiye muyenera kugula yokhuthala 3 mm. Pa felemu laling'ono ngati ili mupulumutsa makilogalamu 10 kapena kuposa pang'ono basi. Imafunanso makina apadera owotcherera, a TIG kapena MIG, ndipo ikang'aluka pa joini muli kutali simupeza woikonza. Chitsulo wamba amachiwotcherera pa tauni iliyonse pamene pali magetsi. Khalani pa chitsulo.

Chowonjezera: felemu la 1080 x 480 mm la machubu omwewo, pamwamba pulayiwudi ya 12 mm. Mbali imodzi ikhale ndi timbedza tiwiri tokola pa mpiringidzo womaliza wa bedi, mbali inayo miyendo iwiri yopinda yoima pa chitseko, yokhala ndi labala kunsi. Kutalika kwa miyendo muyeze galimoto ili pamalo afulati ndipo felemu lalikulu litamangidwa kale. Poyenda chimagona pamwamba pa bedi, chomangidwa ndi lamba. Matiresi muwadule pawiri, 1450 ndi 480. Dziwani kuti chikakhala pamalo pake madirowa satuluka, choncho tochi ndi madzi akumwa zitulutsireni kale musanayale.

Penti: pukutani machubu ndi thina kuchotsa mafuta a kufakitale, gogodani zotsalira za moto pa majoini, pakani red oxide kamodzi ndi penti wa mafuta kawiri. Kukamwa kwa machubu tsekani ndi timapulagi tapulasitiki. Machubu a galvanised musawotcherere m'malo otsekeka, utsi wake umadwalitsa.

Makaniko wa Mapikapu

Ndi denga la 940, pamwamba pa matiresi mutsala ndi pafupifupi 570 mm. Ikani mabokosi ndi thabwa m'bodimo pa msinkhu umenewo, mugonepo nonse awiri kwa mphindi khumi musanadule chitsulo. Zikakupanikizani, tsitsani miyendo kufika 200 mm ngati mahampu alola.

Popeza muzigona chitseko chili chotsegula, sokani tenti yaing'ono ya kanvasi yokoleka pa chitseko cha kanope n'kutsikira pansi pa chitseko cha bodi, yokhala ndi neti ya udzudzu ya zipi. Kunyanja netiyo ndi yofunika usiku uliwonse. Ku Nyika, komwe ndi pamwamba kuposa mamita 2000, mu June ndi July kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, ndipo anthu amakopeka kulowetsa mbaula. Musatero ngakhale makala ataoneka kuti ayaka bwino. Mpweya wake sununkha, ndipo m'kanope umapha anthu ali m'tulo. Onjezani mabulangete, windo limodzi likhale lotsegula pang'ono. Silinda ya gasi ndi chigubu cha petulo zisalowe m'dirowa. Gasi amalemera kuposa mpweya, akadontha amadikha m'dirowamo pansi pa mutu wanu. Silinda iyende choimirira, yomangidwa, ndipo usiku igone panja.

Za fumbi: galimoto ikamathamanga, kumbuyo kumayamwa mpweya, ndipo fumbi limalowera m'mipata ya m'mbali ndi pansi pa chitseko. Matani labala wotsekera mipata, wooneka ngati chilembo D, m'mipata imeneyo, ndipo ikani kaventi koyang'ana kutsogolo padenga la kanope kapena m'mbali chakutsogolo. Kamakankhira mpweya woyera m'kati, fumbi n'kulephera kulowa. Pa msewu wafumbi kazikhala kotsegula, mvula ikayamba muzikatseka.