Duwa loyera la cactus likukana kujambulika

Moni nonse abale anga a kuno ku Harare. Ndili ndi kadimba ka miyala kuseri kwa nyumba ku Hatfield. Cactus wanga (chomera chaminga) wa mtundu wa Echinopsis amamasula usiku, pofika masana duwa lafota kale. Ndikajambula ndi foni yanga ya Android limangotuluka mbee, timizere ta m'kati osaoneka n'komwe.

Ndinayesa flash, zinanyanya. Tochi cham'mbali, mithunzi ya minga ponseponse. Cha m'ma 6 koloko m'mawa kuwala kumakhala bwino, koma kamphepo kamagwedeza duwalo, foni n'kuonetsa bwino minga yokha. Maluwa ofiira a aloe mu June sandivuta chonchi.

Latsala duwa limodzi lokha la cactus loti limasule sabata ino. Ndisinthe chiyani pa foniyi kuti duwalo lioneke bwino? Chonde ndithandizeni.