Mauta a vayolini akusemphana ndi nyimbo pa kamera B, thandizeni

Wa editing ku Area 25: Akuluakulu ndathedwa nzeru ndipo Lachisanu ndikuyenera kupereka ntchito. Tikupanga sewero la pa TV la ana asukulu, nkhani ya tsiku lomwe Symphony No. 9 ya Beethoven inaimbidwa koyamba ku Vienna pa 7 May 1824. Tajambulira mu holo ina konkuno, a vayolini asanu ndi atatu ndi kwaya, onse akungotsanzira playback. Kamera A ili bwinobwino. Kamera B poyamba ikugwirizana, koma pofika mphindi 6 mauta atsogola ndi mafulemu 9, milomo ya kwaya chimodzimodzi. Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya editing ya Premiere Pro, timeline ili pa mafulemu 25 pa sekondi. Ndikakonza apa, kutsogolo kwasokonekera. Zojambulanso musazitchule, ndalama ya holo inatha kale.

Madala a saundi ku Kawale: Ndi 44.1 imeneyo mwana wanga. Nyimbo mwaichotsa pa CD, sample rate (kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu pa sekondi) ya CD ndi 44.1 kHz, ya vidiyo ndi 48. Sinthani basi.

Wamakamera ku Biwi: Madala pepani, ikanakhala imeneyo kamera A ikanavutanso, nyimbo yake ndi imodzi. Komanso fayilo ya 44.1 ikawerengedwa ngati 48 imathamanga ndi 9 peresenti pafupifupi, mawu amakwera, ndipo pa mphindi 6 bwenzi mutasemphana ndi theka la mphindi. Apa tiwerenge: mphindi 6 pa 25 ndi mafulemu 9,000, asemphana 9, ndiye kuti imodzi pa 1,000 iliyonse. Kumeneko ndi kusiyana kwa mafulemu 29.97 ndi 30 pa sekondi. Achimwene, kamera B ndi yanji?

Wa editing ku Area 25: Ndi foni. Kamera yomwe tinabwereka batire inafa, director anangoti jambulani ndi foni. Mafayilo anandipatsa atadutsa kale m'manja mwa mnyamata wake.

Wamakamera ku Biwi: Ndiye funani mafayilo enieni a mu foniyo, osati odutsa pa WhatsApp. Foni zimajambula fulemu yosakhazikika, kukachita mdima liwiro limatsika. Adutsitseni mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mavidiyo, pa constant framerate (liwiro lokhazikika la mafulemu) musanawalowetse. Ndipo onetsetsani mababu aku holo ngati sakuphethira, magetsi athu ndi 50 Hz, mafulemu 30 pa sekondi sagwirizana nayo.

Madala a saundi ku Kawale: Ine ndayamba ntchito iyi matepi adakalipo. Tinajambulapo kwaya ina ku Mchinji, magetsi anathima pakati pa nyimbo, tinayatsa jenereta, tepi inayamba kuyenda ngati yaledzera. Mayi wotsogolera nyimbo pa vidiyo amatseka pakamwa mawu adakatuluka, mpingo wonse unatiseka mpaka abusa. Kuyambira pomwepo sindikhulupirira chilichonse ndisanaone sample rate. Onani 44.1.

Achemwali a production ku Area 47: Inu mukukangana mafulemu, ine ndikufunsa: nyimboyo mwaitenga kuti? Musati poti Beethoven anamwalira mu 1827 ndiye zonse ndi zaulere. Manotsi ake ndi aulere, koma gulu lomwe linaimba pa CD yanuyo ndi kampani yomwe inajambula ali ndi umwini wawo. Ikakwera pa YouTube aigwira tsiku lomwelo. Funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa siteshoni isanaulutse. Ndinaonapo sewero lonse litagona mu hard drive chifukwa cha nyimbo imodzi.

Wa mixing ku Mchesi: Achemwali anena zoona. Chinanso chomwe chikudikira kutsogoloku ndi level. Nyimbo iyi si ya mu minibasi, pena imanong'ona pena imagunda ngati bingu. Gawo loyamba limayamba ndi zingwe zapansipansi, pa TV ya kunyumba anthu aziyesa saundi yathawa, akakweza voliyumu kwaya ya gawo lachinayi iwaphulitsa makutu. Musaponye compressor, chida chosalaza kukwera ndi kutsika kwa mawu, pa saundi yonse n'kumapita, imapuma ngati munthu wa mphumu. Kwezani malo ofookawo ndi dzanja. Ine ndimalunjika -23 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), true peak (posongoka penipeni pa mawu) -1, koma funsani kaye siteshoni zomwe amalandira, ena amangoona mita ikafiira n'kukubwezerani.

Wamakamera ku Biwi: Chokutonthozani achimwene: munthu mmodzi yekha amene ali ndi ufulu wosemphana ndi nyimbo mu sewero lanulo ndi amene akuchita Beethoven. Tsikulo Beethoven anali atagontha, wotsogolera weniweni anali Michael Umlauf, ndipo anauza oimba kuti asatsatire dzanja la mkuluyo. Anthu akuwomba m'manja iye sanamve, mpaka woimba wina, Caroline Unger, anachita kumutembenuza kuti aone. Ndiye ngati kamera B ili ndi nkhope ya Beethoven, igwiritseni ntchito pamenepo. Koma pa mauta musayerekeze, aliyense woimba vayolini aona msanga.

Wa mixing ku Mchesi: Pomutembenuzapo mudule ma high onse, kutsale kugunda kwapansi kokha, owonera amve mmene iye amamvera. Koma masekondi ochepa, mukatalikitsa a ku master control, chipinda choulutsira ku siteshoni, ayesa fayilo yawonongeka.

Wa editing ku Area 25: Mnyamata uja foni yake sikupezeka, akuti wapita kumaliro ku Dedza. Ndiyesa madzulo.

Madala a saundi ku Kawale: Pomwe mukudikira, tsegulani fayilo ya nyimboyo muone. Ndikubetcha Fanta kuti ndi 44.1.

Achemwali a production ku Area 47: Madala, ngakhale ikhale 44.1, Premiere imasintha yokha. Pajatu, majekete a azungu akalewo munawapeza kuti? Ndili ndi sewero la nthawi ya atsamunda mwezi wamawa, kaunjika ndazungulira mpaka ku Tsoka sindinapeze olozeka.

Wa mixing ku Mchesi: Pali telala wina ku Chilinde amasoka mukamupatsa chithunzi. Koma mumuuze asaike nsalu yoterera mkati, pa lapel, kamaiki kopanira pa chovala, imakhwekhwereza koopsa.