Za wailesi ya m'boti ija ndinafunsa

Ndabweranso pa funso langa lija, loti pa boti la injini loyenda pa nyanja ya Malawi ndigule wailesi yolankhulirana ya VHF yam'manja kapena yomangirira m'boti. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndatenga yomangirira.

Chandikopa ndi mphamvu yake: imafika mawati 25, pomwe yam'manja imathera pa 5 kapena 6. Komabe inu amene munati nkhani yagona pa eriyo munanena zoona. VHF imayenda mowongoka, siikhotera kuseri kwa phiri kapena chilumba, ndiye eriyo ikakhala pamwamba mawu amafika patali. Yanga ndaimanga padenga la boti.

Batani lofiira la DSC (njira yoti wailesi itumize yokha uthenga kwa mawailesi ena popanda inu kulankhula) ndilo ndikufuna anzanga mulimvetse bwino. Mukalidina osalisiya kwa masekondi angapo, limatumiza uthenga wa ngozi pa tchanelo 70. Koma wailesiyo iyenera kukhala ndi MMSI, nambala yake ya manambala 9, ndipo kuti itchule pamene muli imafuna GPS. Amene amalandira uthengawo ndi okhawo ali ndi wailesi ya DSC yoyatsa. Za layisensi ndikulondola ku MACRA.

Chonde, tchanelo 16 tisamachezerepo. Ndi yoitanirana ndi ya ngozi basi, ndipo mwera ukayamba ine wailesi ndimaisiya ili pa tchanelo imeneyi.