Personal statement ya Chevening: mawu a kuofesi ndiwachotse onse?

Nachisale_Nsanje
Abale ndithandizeni. Ndikufunsira Chevening, sikolashipu ya boma la UK, ndikufuna mastazi ya public health ku UK, panopa ndimagwira ku bungwe lina la zaumoyo kuno ku Nsanje. Essay ya leadership ndinampatsa mng'ono wanga kuti awerenge, iye ndi mphunzitsi, wangofika pakati n'kundibwezera akuti sakumva kuti ndinachita chani kwenikweni. Pamene pamukanika ndi apa: "I spearheaded capacity building of HSAs and stakeholder engagement with the DHMT on WASH interventions post-Freddy." Komatu kuntchito malipoti onse timalemba chonchi ndipo madona sadandaula. Ndikachotsa mawu amenewa sindioneka ngati ntchito sindiidziwa?

aPhiri_ku_Leeds
Asisi mng'ono wanuyo mumugulire fanta, wakuthandizani. Madona sadandaula chifukwa chilankhulocho ndi chawo chomwe, koma Chevening imalandira anthu ochokera m'mayiko oposa 160, owerengayo akachoka pa essay yanu akupita pa ya loya kenako ya injiniya, ndiye HSA amudziwira kuti? Kuno kulibe HSA. Lembani kuti ndi azaumoyo a m'midzi amene amapereka katemera ndi kuthira klorini m'madzi. Freddy nayenso musangomutchula ngati aliyense anali pompo, nenani kuti ndi namondwe wa mu Malichi 2023 amene anasiya anthu mazana masauzande m'makampu kolera isanathe. Ndipo "capacity building" yo inali chani? Munaphunzitsa anthu angati, munawaphunzitsa chani, pambuyo pake chinasintha n'chani? Zimenezo ndiye zimene akufuna, mawu akuluwo akungobisa ntchito yabwino imene munagwira.

Mlimi_wa_Dedza
Ine ndikuti musachotse zonse ayi. Pa essay yofotokoza za kosi imene mwasankha ija mawu ngati epidemiology (phunziro la kafalidwe ka matenda) ayenera kukhalapo, ukufunsira ku Liverpool School of Tropical Medicine kapena ku London School of Hygiene and Tropical Medicine sungamazungulire dzina la phunziro lomwe ukukaphunziralo. Ochotsa ndi awa a m'mawekishopu, "spearheaded", "synergy", "empowerment", amene aliyense amalemba kaya anagwira ntchito kaya amangosayina alawansi.

aPhiri_ku_Leeds
Zoona achimwene, dzina la phunziro ndi nkhani ina. Koma ma abbreviation akwathu aja, DHMT (gulu loyang'anira zaumoyo pa boma), TA, VDC, GVH, amenewo ayi ndithu, mukalephera kuwapewa alembeni onse mokwanira koyamba. Kumbukiraninso kuti mukadutsa kuli intavyu ku British High Commission ku Lilongwe, akakufunsani kuti stakeholder engagement yo munakumana ndi ndani ndipo anakana chani, ndiye bola muzilembe panopa zimenezo.

Nachisale_Nsanje
Zikomo nonse. Ndasintha, tsopano ndafotokoza za mfumu ina imene inkakana kuti tikumbe zimbudzi pafupi ndi kampu poopa kuti anthu akhazikika pamalo ake, mmene tinakhalira nayo pansi ine ndi a HSA mpaka inalola. Vuto ndi loti mawu achuluka kuposa malire, ndiye usiku uno ndidula ndime yoyamba ija yonena mbiri ya bungwe lathu. A Phiri, WASH ndingolemba "clean water and toilets" basi kapena ndiwonjezere za kusamba m'manja?